Nyenyezi ndi Chizindikiro cha Funso: Mmene Mungapangire Kuti Lipoti Lizidzipaka Lokha Mitundu mu Excel

Kaundula wa alimi a thonje amene ndimasunga ali ndi mizere yoposa 1,000, koma palibe mzere ndi umodzi womwe umene ndinauyamba ndine. Olemba ake ndi alembi a makalabu: ena ku Mitole, ena ku Livunzu kutsidya kwa Shire, ena kumunsi uko ku Makhanga. Wina amalemba pa foni ali pansi pa mtengo wa nimu, wina amalemba m'kope n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Zikamafika kwa ine, boma lomwelomweli lalembedwa Chikwawa apa, Chikhwawa apo. Ng'ombe ina ili ndi kachizindikiro kake pakati, inzake ilibe. Uyu "walipira", uyo "walipila".

Ndiye msonkhano ukayandikira, akomiti amafuna lipoti loti akangoliponyera maso aone okha amene sanabweze ngongole ya mbewu ndi mankhwala. Kale ndinkapaka mizere imeneyi pamanja, umodziumodzi, thukuta lili kamukamu m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala. Mlimi akalipira mawa lake, kubwereranso kukafufuta. Pano ntchitoyi ndinaisiyira Excel. Muli chida chotchedwa Conditional Formatting, chimene chimasintha maonekedwe a mawu kapena kupaka mzere mtundu chikapeza zimene mwachiuza kuti chifunefune. Ndipo poti anthu athu salemba mofanana, chidachi chimafunika kuchithandiza ndi tizizindikiro totchedwa wildcard.

Ndinene pachiyambi pomwe: tizizindikiroti tili ngati ukonde wa ku Elephant Marsh. Mukautambasula kwambiri umakola ndi zomwe simunafune. Choncho m'malangizo ano ndichedwa kwambiri pa kuyesa kusiyana ndi pa kudina.

Tizizindikiro take ndi titatu

Koyamba ndi nyenyezi, *. Imaimira zilembo zilizonse, kaya zambiri, kaya chimodzi, kaya palibe n'chimodzi chomwe. Mukalemba Chik*wawa mwagwira Chikwawa ndi Chikhwawa yemwe, chifukwa pamalo pa nyenyeziyo pakhoza kukhala h kapena osakhala kanthu. Makh*wira imagwira Makhuwira komanso Makhwira, kalembedwe konse kawiri kamene timakaona m'makalata a kutsidya kwa mtsinje.

Kachiwiri ndi chizindikiro cha funso, ?. Ichi chimaimira chilembo chimodzi basi, ndipo chilembocho chiyenera kukhalapo ndithu. Mpata wa pakati pa mawu nawo umawerengedwa ngati chilembo. Taonani mawu oti ng'ombe. Kachizindikiro ka pakatipo kamabwera m'mitundu iwiri: kowongoka, kamene kamatuluka mukalemba mu Excel momwemo, ndi kopindika, kamene Word ndi mafoni ena amaika okha. Kwa inu n'chimodzimodzi, kwa kompyuta ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukalemba ng?ombe mwagwira zonse ziwiri. Koma amene analemba "ngombe" wakupulumukani, chifukwa pamalo pa funsopo palibe chilembo. Kuti nayenso alowe, lembani ng*ombe. Momwemonso Mala?i imagwira Malawi ndi Malaŵi.

Kachitatu ndi kamzere kokhotakhota, ~, kamene pa makiyibodi ambiri kali pansi pa Esc, kumanzere kwa 1, mukadina pamodzi ndi Shift. Ntchito yake ndi kuuza Excel kuti nyenyezi kapena funso lotsatiralo ndi lenileni, asalitenge ngati wildcard. Tikaonanso kutsogoloku.

Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zisakudetseni nkhawa. COUNTIF ndi SEARCH, zimene tigwiritse ntchito pano, sizisiyanitsa NSANJE ndi nsanje.

Yambani ndi kuika pepala lanu m'dongosolo

Kuti tizimvana, pepala langa lili chonchi. Mzere woyamba ndi wa mitu. Kolamu A ndi nambala ya membala, B dzina, C boma, D mfumu yaikulu ya dera lake, E ndemanga ya mlembi, F nambala ya foni. Alimi ayambira mzere wachiwiri kutsika mpaka 1200. Ngati lanu lili mosiyana, muzingosintha zilembo za makolamu.

Chotsani timabokosi tophatikizana pakati pa kaundula, ndipo musasiye mizere ya mitu ina pakatikati. Kenako sungani kope lina la failoyo musanayambe. Magetsi athu mukuwadziwa.

Lamulo loyamba: kupaka mzere wonse

Dinani kabokosi A2, ndipo musalumphe apa. Mutagwira Shift, pitani pa F1200 n'kudina, kuti dera lonse lisankhidwe kuyambira pa A2. Kenako pitani pa Home, dinani Conditional Formatting, sankhani New Rule. Pa mndandanda umene utuluke, tengani wa pansi penipeni, wolembedwa kuti "Use a formula to determine which cells to format". M'danga lopanda kanthulo lembani izi:

=COUNTIF($C2,"Chik*wawa")>0

Dinani Format, sankhani mtundu pa Fill, kapena pa Font ngati mukufuna kusintha mawu enieniwo, n'kumaliza ndi OK kawiri. Mizere yonse ya alimi a ku Chikwawa iyenera kusintha nthawi yomweyo.

Fomyulayi ikufunsa funso limodzi pa mzere uliwonse: kodi m'kabokosi ka boma muli mawu ofanana ndi awa? Akakhalamo, COUNTIF imayankha 1, ndipo 1 ndi woposa 0, ndiye mtundu umabwera.

Chizindikiro cha dola chili kutsogolo kwa C ndiye msana wa zonsezi. Chimakhomerera kolamu C kuti kabokosi kalikonse ka mumzerewo, kuyambira A mpaka F, kaziyang'ana pa C. Kutsogolo kwa 2 kulibe dola, n'cholinga choti nambala ya mzere izitsika yokha: 3, 4, 5. Mukaiwala dola ya pa C, mtundu umangogwera pa kolamu A yokha. Mukaika dola ndi pa 2 pomwe, pepala lonse limatsatira mlimi wa mzere wachiwiri: iye akafiira, onse afiira. Chenjerani, chifukwa mukadina kabokosi ndi mausi m'malo molemba, Excel imaika yokha madola awiri. Ndipo ngati munayamba kusankha kuchokera pa mzere wa mitu koma fomyula ikunena 2, mitundu yonse imasuntha ndi mzere umodzi, wolipira n'kunyamula mlandu wa mnzake wa pansi pake.

Chinanso: COUNTIF imayerekeza ndi kabokosi konse, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Mafoni amakonda kusiya mpata kumapeto kwa mawu, ndipo mpata wosaonekawo ndi wokwanira kulepheretsa lamulo. Enanso amalemba "boma la Chikwawa". Mankhwala ake ndi nyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto:

=COUNTIF($C2,"*Chik*wawa*")>0

Excel ikakana fomyula yanu, yang'anani zinthu ziwiri. Makompyuta ena, makamaka amene anatcheredwa ku South Africa kapena ku Mozambique, safuna chizindikiro cha koma (,) pakati pa zigawo za fomyula, amafuna semikoloni (;) m'malo mwake. Komanso ngati mwakopera fomyula kuchokera pa WhatsApp kapena mu Word, tizizindikiro totsekera mawu tikhoza kukhala topindika. Tifufuteni n'kutilembanso pa kiyibodi yanu.

Mwina mukufunsa kuti bwanji osangolemba =$C2="Chik*wawa". Sizigwira. Chizindikiro cha = sichidziwa wildcard, chimafunafuna nyenyezi yeniyeni. IF payokha ndi FIND nazonso siziwadziwa. Zimene zimawadziwa ndi monga COUNTIF, COUNTIFS, SUMIF, SUMIFS ndi SEARCH.

Pali njira yachidule: Conditional Formatting, Highlight Cells Rules, Text that Contains. Nayo imalola nyenyezi ndi funso, koma imapaka kabokosi kokhako kamene muli mawuwo, osati mzere wonse. Pa lipoti la pamsonkhano ine sindiikonda, chifukwa diso la munthu limafuna dzina, osati ndemanga.

Ngabu alipo awiri

Amene si a kuno amadabwa akamva kuti T/A Ngabu aliko ku Chikwawa, alikonso ku Nsanje. Ndiye mukangofunafuna Ngabu mu kolamu D, mwasakaniza anthu a maboma awiri. Apa m'pofunika COUNTIFS, imene imayang'ana makolamu angapo nthawi imodzi:

=COUNTIFS($C2,"*Nsanje*",$D2,"*gabu*")>0

Ndalemba *gabu* dala, kuti amene analemba N'gabu ndi kachizindikiro naye alowe. Mtundu ubwera pokhapokha zonse ziwiri zitagwirizana.

Walipira kapena sanalipire: apa m'pamene pagona nkhani

Chingerezi chimaika mawu okana padera. Chichewa chimawalowetsa m'kati mwa mneni momwemo. Walipira, analipira, sanalipire, sadalipire, sakulipira, osalipira, adzalipira, sadzalipira: onsewa ali ndi "lipir" m'mimba mwawo. Mukalemba *lipir* mwakola wolipira ndi wosalipira mu ukonde umodzi.

Nditazindikira zimenezi ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Okana onse ali ndi "sa" kutsogolo, ndiye ndinalemba *sa*lipir* n'kupaka kofiira. Ndinayang'ana mizere ingapo ya pamwamba, ndinaona kuti ili bwino, n'kusindikiza.

Pa msonkhano, mlembi wa kalabu akuwerenga maina a m'mizere yofiira, anaimirira bambo wina wachikulire, chipewa chili m'manja. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindapinda, kokulungidwa m'kajumbo ka shuga kuti kasanyowe.

"Mwana wanga," anatero akuyang'ana ine, "ine ndinagulitsa mbuzi kuti dzina langa lisatchulidwe chonchi. Lisiti ndi ili."

Ndinatsegula laputopu pomwepo. Ndemanga yawo inali yoti "anali ku Nsanje, walipira". Nyenyezi ya pakati ija inatenga "sa" wa mu Nsanje, n'kulumpha zonse za pakati mpaka kukafika pa "lipir". Ndinaimirira n'kunena kuti, "Pepani kwambiri, bambo. Inu munalipira, cholakwa chili pa pepala langali." Anagwedeza mutu n'kukhala pansi, koma anthu onse anali atamva kale dzina lawo pakati pa angongole. Mpaka lero zimandiwawa.

Madzulo ake nditafufuza ndinapeza kuti "sa" ali paliponse m'Chichewa chathu. Ali mu Lachisanu. Ali mu masamba, mu tsabola. Ali kawiri mu msasa, ndipo chichokereni namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, ndemanga zoti "ali ku msasa" sizisowa m'makaundula a kuno.

Ndinayesa kuchepetsa ukonde polemba *sa??lipir*, kutanthauza zilembo ziwiri zokha pakati. Iyi imagwira sanalipire, sadalipire ndi sakulipira, ndipo Nsanje imamusiya. Koma taonani "ali ku msasa alipira": sa, kenako mpata, kenako a, kenako lipir. Mpata ndi a ndi zilembo ziwiri. Wakodwanso. Ndipo osalipira ndi sangalipire apulumuka, chifukwa pakati pawo palibe zilembo ziwiri ndendende.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti pa nkhani ya ndalama za anthu, musaike nyenyezi kapena funso pakati pa "sa" ndi tsinde la mneni. Lembani mawu okanawo limodzilimodzi, nyenyezi zikhale kunja kokha. Ndipo poti ndi ambiri, musawapanikize onse mu fomyula. Apangireni kamndandanda pambali. Ine ndinatenga kolamu K, kuyambira K2 mpaka K9, n'kulemba:

*sanalipi*
*sadalipi*
*sakulipi*
*sadzalipi*
*osalipi*
*sanabwez*
*not paid*
*unpaid*

Ndalekezera pa "lipi" kuti walipira ndi walipila asandivutitse, poti r ndi l timazisinthanitsa tonse. Ndaikamo kubweza chifukwa alembi ena ngongole sailipira, amaibweza. Awiri omalizawo ndi a alembi okonda Chingerezi.

Tsopano sankhaninso A2 mpaka F1200, New Rule monga poyamba paja, n'kulemba:

=SUMPRODUCT(COUNTIF($E2,$K$2:$K$9))>0

COUNTIF ikuyesa ndemanga ya pa E ndi mawu onse asanu ndi atatu a mu K, SUMPRODUCT ikuphatikiza mayankho ake. Limodzi lokha likagwirizana, mzere wafiira. Apa madola a pa K ndi awiriawiri, chifukwa mndandandawo sukuyenera kusuntha. Ubwino wake ndi woti mlembi watsopano akabwera ndi kalembedwe kake, monga "sanamalize kulipira", mumangowonjezera *sanamalize* pa K10 n'kusintha 9 kukhala 10.

Mitundu itatu, ndi amene ayenera kukhala pamwamba

Olonjeza nawo amafuna mtundu wawo. "Adzalipira akagulitsa chitowe" si wolipira, komanso si wokana. Apatseni wachikasu:

=COUNTIF($E2,"*dzalipi*")+COUNTIF($E2,"*mawa*")>0

Olipira, wobiriwira:

=COUNTIF($E2,"*lipi*")+COUNTIF($E2,"*bwez*")+COUNTIF($E2,"*paid*")>0

Mwaona kuti lamulo lobiriwirali ndi lotambalala: likukolanso sanalipire ndi adzalipira. Limagwira bwino kokha chifukwa cha malo ake pa mndandanda. Pitani pa Conditional Formatting, Manage Rules. Mudzaona malamulo anu onse, latsopano lili pamwamba. Ndi timivi ta pamwambapo, kwezani lofiira likhale loyamba, lachikasu lachiwiri, lobiriwira lomaliza. Kenako chongani Stop If True pa lofiira ndi pa lachikasu. Apo mwauza Excel kuti mzere ukagwidwa ndi lamulo la pamwamba, a m'munsi asaukhudzenso. Motero sadzalipira, ngakhale ali ndi "dzalipi" m'kati, amafiira asanafike pa chikasu.

Mukadali pamenepo, yang'anani danga la Applies to. Liyenera kunena =$A$2:$F$1200 pa malamulo onse. Lamulo la Chikwawa lija linali lophunzirira chabe, lichotseni ndi Delete Rule kuti lisasokoneze anzake.

Funso lenileni ndi nyenyezi yeniyeni

Mlembi akakayika amaika funso: "walipira?" Mizere imeneyi ndi yofunika kuiona isanapite kumsonkhano. Koma mukalemba *?* mwagwira kabokosi kalikonse kokhala ndi mawu. Apa m'pamene kamzere kokhotakhota kaja kamagwira ntchito:

=COUNTIF($E2,"*~?*")>0

Lamuloli ndimalipatsa mtundu wa buluu n'kuliika pamwamba pa onse, chifukwa "walipira?" sayenera kubiriwira. Ngati alembi anu amaika nyenyezi pa dzina la mlimi wachitsanzo, muipeze ndi "*~**": nyenyezi yoyamba ndi yomaliza ndi wildcard, ya pakatiyo ndiye yeniyeni.

Manambala samva wildcard

Pogawa ndalama za bonasi timafuna kudziwa amene alandire pa Airtel Money ndi amene alandire pa TNM Mpamba. Zikuoneka zosavuta: "088*" pa kolamu F. Koma nthawi zambiri palibe chimachitika. Chifukwa chake n'chakuti mukalemba nambala ya foni m'kabokosi wamba, Excel imachotsa 0 wa kumayambiriro n'kuisunga ngati nambala yowerengera, ndipo wildcard wa mu COUNTIF amaona mawu okha. Onjezani apo kuti ena amayamba ndi +265, ena 265.

Apa siyani nyenyezi. Tengani manambala asanu ndi anayi omaliza, muone awiri oyamba ake:

=LEFT(RIGHT(SUBSTITUTE($F2," ",""),9),2)="88"

SUBSTITUTE ikuchotsa mipata, RIGHT ikudula zonse za kutsogolo, kaya ndi 0 kaya ndi +265. Pa manambala a 099 sinthani 88 kukhala 99. Madeti nawonso ndi manambala kwa Excel, choncho "*2024" sangagwire deti lenileni. Gwiritsani ntchito YEAR.

Ndipo dziwani kuti COUNTIF imafuna kabokosi kenikeni m'chigawo chake choyamba. Simungaikemo TRIM kapena SUBSTITUTE. Mukafuna kuyeretsa mawu musanawafufuze, tengani SEARCH, imene imapeza mawu paliponse m'kabokosi popanda nyenyezi za kunja:

=ISNUMBER(SEARCH("ng*ombe",TRIM($E2)))

Kugwira nambala ya membala yolembedwa molakwika

Apa ndiye funso limaposa nyenyezi. Tinene kuti manambala anu amaoneka ngati CK/24/0315: zilembo ziwiri, chaka, ndi manambala anayi. Kuti muone opunduka:

=AND($A2<>"",COUNTIF($A2,"??/??/????")=0)

Sitinaike nyenyezi kunja, chifukwa tikufuna kabokosi konse kafanane ndi chikombolecho. Woperewera nambala imodzi kapena wokhala ndi mpata kumapeto aonekera. Koma funso silisiyanitsa chilembo ndi nambala: amene analemba O m'malo mwa 0 adutsa bwinobwino.

Kabokosi kofufuzira

Kamodzi aka ndimakakonda pamsonkhano. Siyani H1 kuti muzilembamo mawu alionse, n'kupanga lamulo ili:

=AND($H$1<>"",COUNTIF($D2,"*"&$H$1&"*")>0)

A tcheyamani akati "tationetseni a kwa Mlolo", mumangolemba Mlolo pa H1, mizere yawo n'kuwala. Chigawo choyambacho musachichotse, apo ayi H1 akakhala wopanda kanthu pepala lonse lipakika.

Ngati simugwiritsa ntchito Excel

Mu Google Sheets pitani pa Format, Conditional formatting, n'kusankha "Custom formula is". Mafomyula a COUNTIF aja amagwira chimodzimodzi. Mu LibreOffice Calc, zikakana, tsegulani Tools, Options, LibreOffice Calc, Calculate, n'kusankha "Enable wildcards in formulas". Mu malipoti a Microsoft Access mumasankha "Expression Is" n'kugwiritsa ntchito mawu oti Like, ndipo kumeneko kulinso # woimira nambala imodzi. Amene amatenga malipoti ku database ya SQL akumbukire kuti LIKE ya kumeneko imafuna % pamalo pa nyenyezi ndi _ pamalo pa funso.

Musanasindikize

Maprinta ambiri a m'maofesi athu ndi m'mashopu a pa Nchalo kapena pa Bangula amasindikiza zakuda zokha, ndipo kufiira ndi kubiriwira zimatuluka zotuwa mofanana. Choncho pa lamulo lofiira onjezani Bold pa Font, pa lachikasu Italic, lobiriwira mulisiye ndi mtundu wopepuka kwambiri. Conditional Formatting sisintha kukula kwa zilembo, musataye nthawi kufunafuna. Mukamatumiza pa foni, sungani lipoti ngati PDF, mitundu ipita momwe ilili.

Mukamaonjezera mizere yochokera m'mafailo a alembi, musamate mwachisawawa. Gwiritsani ntchito Paste Special, Values. Kumata wamba kumabwera ndi malamulo a kufailo inayo, kumaduladula anu, ndipo pakapita miyezi mumapeza mu Manage Rules muli malamulo ambirimbiri obwerezabwereza.

Tsopano sitepe imene ndinailumpha tsiku lija. Dinani mzere wa mitu, pitani pa Data, dinani Filter. Pa kamuvi ka kolamu E sankhani Filter by Color, tengani kofiira. Werengani ndemanga iliyonse yofiira, osati khumi za pamwamba zokha, zonse. Ngati ndi 200, werengani 200. Zimatenga mphindi zosakwana makumi atatu, chifukwa diso likungoyenda pa kolamu imodzi. Mukapeza wolowa molakwika, musamufufute pamanja. Funani mawu a mu K amene amukola, muwakonze, chifukwa amene akola mmodzi akolanso wina mwezi wamawa. Chitani chimodzimodzi ndi obiriwira, poti wangongole wobisala pakati pa olipira amapweteketsa kalabu yonse.

Pomaliza sankhani No Fill, muone mizere yoyera, imene lamulo lililonse laidutsa. M'menemo ndi mmene mumakhala kalembedwe kamene simunakaganizire: "zatheka", "wamaliza", "watsala ndi theka", "wapereka thumba limodzi". Zina mwa izi mukhoza kuziwonjezera pa malamulo anu. Zina ayi. Mwezi watha ndinapeza mzere wolembedwa kuti "za mayiwa tikambirana", ndipo ndinaimbira foni mlembi wa kalabuyo.

"Achimwene, mayi awa ndiwapake mtundu wanji?"

Anakhala kaye chete, kenako anati, "Asiyeni choncho. Munda wawo wonse unakwiriridwa ndi mchenga madzi atasefukira, ndipo amuna awo tawaika m'manda sabata yathayi. Dzina lawo lisawerengedwe pagulu. Ndikakamba ndi a tcheyamani patokha."

Ndinasiya mzerewo woyera, ndipo pa kolamu G ndinalembapo kuti "osawerenga pamsonkhano".